Foni ndi matenda a pakhungu: mafunso ndi mayankho kwa anthu a mu Blantyre

Masiku ano munthu akatuluka nsungu zosadziwika bwino, kapena mwana akayamba kusosoka tsitsi pamutu, chinthu choyamba kugwira ndi foni. Amajambula n'kutumiza kwa mlamu wake amene ndi namwino, kapena amaponya chithunzicho pagulu la WhatsApp la amayi a kumpingo kuti aliyense anenepo zake. Achinyamata amafunsa Google. Pena zimenezi zimapulumutsa ndalama ya minibasi ndi tsiku lathunthu la pamzere, pena zimachedwetsa munthu mpaka nthenda imene ikanachizika msanga itakula. Mafunso otsatirawa ndi amene amamveka kawirikawiri ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Machinjiri, Chilobwe ndi madera ena a mzinda uno.

Kodi dokotala angadziwedi nthenda ya pakhungu pongoona chithunzi?

Nthawi zambiri angathe. Nthenda ya impso kapena ya chiwindi imabisala mkati, imafuna kuyeza magazi ndi kuunika ndi makina, pamene ya pakhungu ili poyera. Katswiri amene waona zipere, mphere ndi mashingozi kwa zaka zambiri amatha kuzizindikira pa chithunzi chojambulidwa bwino, makamaka chikabwera ndi mbiri ya wodwalayo. Ntchito imeneyi imatchedwa teledermatology, ndipo si yachilendo kuno kwathu. Mu 2007 madokotala a ku University of Pennsylvania ku America ndi anzawo a ku Graz ku Austria anayambitsa Africa Teledermatology Project, ndipo Malawi inali m'gulu la maiko amene achipatala ake ankatumiza zithunzi za odwala kuti akatswiri akutali athandize maganizo.

Njira zilipo ziwiri. Ina ndi yolankhulana pa vidiyo, ina ndi yotumiza chithunzi ndi uthenga kuti dokotala aone akapeza mpata. Kuno yachiwiriyi ndiyo imagwira bwino, chifukwa vidiyo imadya bandulo, ndipo netiweki ikafooka zonse zimachita chimbuuzi, timawanga timene dokotala akufuna kuona osaonekanso.

Komatu dokotala wa khungu sagwiritsa ntchito maso okha. Amakhudza kuti amve ngati pamalopo pali polimba kapena potentha, amakanikiza, amapala mamba n'kukawaona pa maikulosikopu. Yankho la pa chithunzi lizitengedwa ngati ganizo loyamba la munthu wodziwa, lokuuzani ngati muyambe mankhwala, mudikire, kapena munyamuke lero lomwe.

Bwanji osangopita ku Gulupu kukaonana ndi katswiri?

Chipatala cha Queen Elizabeth Central, chimene tonse timachitcha Gulupu, chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ambiri a kumwera. Chili ndi kiliniki ya khungu. Vuto ndi loti madokotala amene anaphunzira za khungu mwakuya m'dziko muno ndi owerengeka. Katundu wamkulu amasenza ndi ma clinical officer, ambiri mwa iwo ophunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania, sukulu imene inayamba mu 1992. Anthu ochepawa sangaone aliyense wa chipere mu mzinda umene kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu oposa 800,000.

Ndondomeko yake ndi yoyambira pa chipatala chaching'ono cha kwanu, monga cha Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni kapena South Lunzu. Iwo akaona kuti zawakulira, amakulemberani zopita ku Gulupu. Kwa ine, apa ndi pamene foni ili ndi phindu kuposa pena paliponse: wachipatala amene wakuonani ndi kukukhudzani ndiye ajambule n'kutumiza kwa katswiri. Iyeyo amadziwa chojambula, amadziwa zimene katswiri angafunse, ndipo yankho likabwera amadziwa chochita nalo. Mungathe kupempha mwaulemu kuti, "Adokotala, ngati zikukayikitsa, simungawafunseko a za khungu pafoni ndisanawononge thiransipoti?" Si onse amene ali ndi njira yotere, koma kufunsa sikulakwa.

Ndijambule bwanji kuti chithunzi chikhale chothandiza?

Jambulani masana, pakhonde kapena pafupi ndi windo, pamene pali kuwala kokwanira koma dzuwa silikuwomba pakhungupo. Babu ndi kandulo zimasintha mtundu wa khungu. Fulashi muzimitse, chifukwa pakhungu lakuda imanyezimira ndipo pamene pali vuto pamangooneka mbee. Musadzole mafuta kapena mankhwala musanajambule, makamaka aja a GV amene amapaka pachilonda, chifukwa utoto wake umaphimba zonse. Pukutani galasi la kamera ndi kansalu, ndipo gwiritsani ntchito kamera ya kumbuyo. Ngati ndi kotheka, akujambuleni munthu wina.

Chimene ambiri amaiwala ndi ichi. Mafoni athu ambiri, ma itel ndi ma Tecno omwe, amabwera ndi zosalalitsa khungu zotsegula kale kuti munthu azioneka bwino pa chithunzi. Zimenezi zimafufuta ziphuphu, mamba ndi timawanga, zinthu zomwezo zimene dokotala akufuna. Lowani mu kamera muzimitse chilichonse cholembedwa Beauty kapena Filter.

Zithunzi zikhale zitatu kapena kuposerapo. Choyamba chapatali, chosonyeza kuti vuto lili pa mbali iti ya thupi ndi mmene lamwazikira. Chachiwiri chapafupi pang'ono. Chachitatu chapafupi kwambiri, mutagunda pa sikirini kuti kamera ilunjike pomwepo. Ikani rula ya mwana wasukulu kapena kamtengo ka machesi pambali kuti kukula kwake kudziwike. Ngati vuto lili pa dzanja limodzi, jambulani manja onse awiri pamodzi. Izi n'zofunika kwa ife akhungu lakuda, chifukwa kufiira kumene kumaoneka msanga pa mzungu, pa ife kumaoneka ngati kuda pang'ono, kutuwa kapena kupepo, ndipo kumadziwika bwino poyerekeza ndi mbali yabwinoyo.

WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza. Sankhani HD, kapena tumizani ngati Document. Bandulo imapita yochulukirapo, koma chithunzi chosaoneka bwino chimakubwezani kukajambulanso.

Ndilembe chiyani pamodzi ndi chithunzicho?

Chithunzi chopanda mawu chimasocheretsa ngakhale katswiri. Nenani zaka za wodwala, ngati ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ngati ali woyembekezera kapena akuyamwitsa. Vuto linayamba liti, linayambira pati, likufalikira kapena lili pamodzimodzi? Pakuyabwa, pakupweteka, kapena pachita dzanzi? Pali wina m'nyumbamo amene akukandanso? Tchulani mankhwala onse amene wodwala wamwa miyezi iwiri yapitayi: ma ARV, Bactrim, a TB, a khunyu, ngakhale ogula pa okala. Tchulani zonse zimene mwapakapo, za kufamase ndi zazitsamba zomwe, osachita manyazi. Ngati pali matenda a shuga kapena HIV, nenani, chifukwa zimasintha ganizo la dokotala. Ngati kulemba kukuvuta, jambulani mawu.

Chitsanzo chabwino ndi nthenda ya pelagra. Khungu limada ndi kusweka pakhosi mozungulira, kumbuyo kwa manja ndi pamwamba pa mapazi, malo amene dzuwa limawomba. Pa chithunzi chokha wina angaganize kuti ndi ziwengo. Koma mukanena kuti munthuyo akudya nsima ndi ndiwo zoperewera kwa miyezi, akutsegula m'mimba, amamwa kachasu kwambiri, kapena akumwa isoniazid woteteza TB, dokotala amadziwa kuti m'thupi mwachepa vitamini wotchedwa niacin. Mankhwala ake si opaka. Ndi mapiritsi a vitaminiyo, pamodzi ndi zakudya monga mtedza, nyemba, nsomba ndi nyama. Nthendayi ikanyalanyazidwa imasokoneza mutu ndipo imapha.

Ndi matenda ati amene chithunzi sichingakwane?

Loyamba ndi khate. Mu 1994 Malawi inafika pa mlingo wa odwala ochepera mmodzi pa anthu 10,000, ndipo ambiri anamva ngati khate latha. Silinathe, odwala atsopano akupezekabe chaka ndi chaka. Limayamba ngati chigamba choyererako pang'ono, chosayabwa, chimene pa chithunzi chimafanana ndi chipere. Chosiyanitsa ndi dzanzi. Wachipatala amakuuzani kuti mutsinzine, n'kukhudza chigambacho ndi kathonje kuti aone ngati mukumva, kenako amafufuza mitsempha ya m'chigongono ndi ya kubondo ngati yatupa. Palibe foni imene ingachite zimenezi. Khate limabwera ndi kachilombo, si ufiti kapena tsoka la pamtundu. Mankhwala ake ndi aulere, amamwedwa miyezi 6 kapena 12, ndipo munthu akangowayamba sachedwa kusiya kupatsira ena. Kupuwala kwa zala kumabwera chifukwa chochedwa.

Yachiwiri ndi khansa ya Kaposi, imene imapezeka kwambiri mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika ndi HIV. Imaoneka ngati zigamba kapena timabulu takuda, kawirikawiri m'miyendo ndi kumwamba kwa m'kamwa, nthawi zina mwendo n'kutupa ndi kulimba. Pali matenda ena amene amaoneka chimodzimodzi koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu. Njira yotsimikizira ndi kudula kachidutswa kakang'ono ka khungu n'kukakaunika ku labotale.

Palinso khansa ya melanoma. Kwa anthu akuda imakonda kunsi kwa phazi, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Banga lakuda m'malo amenewa likamakula, kusintha maonekedwe kapena kutuluka magazi, liwonedwe ndi maso. Akatswiri ali ndi kagalasi kowala kotchedwa dermatoscope, kamene kamakuza khungu pafupifupi kakhumi ndipo kena kamamangirirwa ku foni, koma nakonso kamangothandiza kusankha banga loyenera kudulidwa kuti likayezedwe.

Chilonda chilichonse chimene chatha mwezi osapola chikaonedwe kuchipatala, makamaka ngati mwini wake ali ndi shuga.

Ndi liti pamene sindiyenera kudikira yankho la pafoni?

Ngati munthu wayamba mankhwala atsopano masabata angapo apitawa, kenako watentha thupi, maso afiira, milomo ndi m'kamwa mwatuluka zilonda, khungu layamba matuza kapena kusupuka, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, mutanyamula mankhwala onsewo. Zimenezi zimachitika ndi Bactrim, Fansidar, nevirapine, mankhwala ena a khunyu ndi a TB, ndipo zingaphe.

Musadikirenso ngati mwendo watupa, ukutentha ndi kupweteka ndipo kutupako kukukwera. Ngati mashingozi atuluka pamphumi kapena pafupi ndi diso. Ngati milomo kapena lilime zatupa ndipo kupuma kukuvuta. Ngati khanda latuluka matuza kapena mafinya ndipo silikuyamwa bwino. Ngati mwana ali ndi nsungu thupi lonse, chifuwa, maso ofiira ndi kutentha thupi, zimene zingakhale chikuku. Mu Epulo 2025 dziko lino linayamba kupeza odwala mpox. Matuza olimba opweteka, kaya kumaso, m'manja kapena kumalo obisika, pamodzi ndi kutentha thupi ndi mwanabere, amafuna kuyezedwa ku labotale chifukwa pa chithunzi amafanana ndi katsabola. Phimbani matuzawo ndipo muwauze achipatala mukangofika.

Nanga mapulogalamu a AI, nzeru zopangidwa ndi makompyuta, amene amati amadziwa nthenda ukangojambula?

Luso limeneli lilipodi ndipo likukula. Mu 2017 ofufuza a ku Stanford University anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi 129,450 za matenda a pakhungu, ndipo pozindikira khansa zina inafanana ndi madokotala a khungu 21 amene anaiyerekeza nawo. Kuyambira 2023 Google Lens imatha kukuonetsani zithunzi zofanana ndi chimene mwajambula pakhungu lanu.

Koma kompyuta imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa. Zithunzi zambiri zimene mapulogalamu otere anaphunzirira zinachokera ku Ulaya, America ndi Australia, pa anthu akhungu loyera. Mu 2022 ofufuza ena a ku Stanford komweko anayesa mapulogalamu angapo pa zithunzi za anthu a makungu osiyanasiyana, ndipo anapeza kuti amalakwitsa kwambiri pakhungu lakuda. Kuwonjezera apo, matenda amene anawaphunzira bwino ndi a kwawoko, monga khansa zobwera ndi dzuwa pa azungu. Mphere zothira mafinya za mwana wa ku Mbayani, pelagra, khate ndi Kaposi anaziona pang'ono. Pali ntchito zofuna kukonza zimenezi, monga ya PASSION ya University of Basel ku Switzerland, imene inasonkhanitsa zithunzi za odwala ku Madagascar, Guinea, Tanzania ndi Malawi. Ndi chiyambi chabwino, koma ulendo ukadali wautali.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kalankhulidwe ka mapulogalamuwa. Ochezera aja monga ChatGPT amayankha modekha ndi motsimikiza, akhale olondola kapena olakwa, ndipo munthu wodwala amafuna kumva mawu otsimikiza. Agwiritseni ntchito kuti mumvetse zimene dokotala wanena, kapena kuti mukonze mafunso okafunsa. Musagule mankhwala chifukwa cha yankho lawo, ndipo akati palibe vuto pamene chotupa chikukula, khulupirirani maso anu. Dziwaninso kuti chithunzi chimene mwaikamo chimapita ku makompyuta a kunja kwa dziko.

Ndamva kuti bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lili ndi pulogalamu yake ya khungu. Ndiyikope?

Ilipo, imatchedwa Skin NTDs, ndi yaulere, ndipo inakonzedwanso mu 2023. Inapangidwira ogwira ntchito zachipatala a kumidzi ndi a m'zipatala zing'onozing'ono, kuti iwathandize kuzindikira khate, mphere ndi matenda ena ofala a pakhungu. Mbali yake ya AI inayesedwa ku Kenya. Ngati ndinu namwino, clinical officer kapena wophunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, ndi yoyenera kukhala mu foni yanu. Kwa wodwala wamba ingathandize kuphunzira, koma siinapangidwe kuti munthu adziyeze yekha. Mu Meyi 2025 msonkhano waukulu wa WHO unagwirizana kuti matenda a pakhungu aikidwe m'gulu la nkhani zazikulu za umoyo padziko lonse, chinthu chimene chinachedwa kwambiri.

Mwana wanga ndi wachialubino. Foni ingandithandize bwanji kusamala khungu lake?

Ingathandize kwambiri. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'dziko muno, ndipo mdani wamkulu wa moyo wawo ndi khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa. Khansa imeneyi siibwera mwadzidzidzi. Imayamba ndi timalo tokhakhala, touma, pamakutu, pamilomo, kumbuyo kwa khosi, pamphumi ndi pamikono. Timalo timeneti tikapezeka msanga, achipatala amatiumitsa ndi madzi ozizira kwambiri a nitrogen, ntchito ya mphindi zochepa. Tikasiyidwa, tina timasanduka chilonda chimene chimafuna opaleshoni.

Sankhani tsiku limodzi pamwezi, mujambule malo onsewa pa kuwala kofanana. Anthu ambiri achialubino saona bwino ndipo kumbuyo kwa khosi munthu sadziona, choncho wojambula akhale wachibale. Poyerekeza chithunzi cha mwezi uno ndi cha miyezi itatu yapitayo, kusintha kumene diso la tsiku ndi tsiku silingakuone kumaonekera. Mupite nazo ku kiliniki. Chilonda chosapola, chotupa chokula msanga kapena chotuluka magazi chisadikire tsiku la kiliniki.

Pulogalamu ya zanyengo ya mu foni imaonetsa nambala yotchedwa UV index. Ikafika 3 khungu limafuna chitetezo, ndipo 11 kupita m'mwamba ndi yoopsa kwambiri. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 ndipo m'miyezi yotentha nambalayi imafika pamenepo masana. Ngakhale tsiku la mitambo kapena la chiperoni, mphamvu ya dzuwa imadutsabe. Mwana avale chipewa cha khonde ndi malaya a manja aatali, adzole mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50 ndi kubwereza maola awiri alionse ali panja, ndipo apewe dzuwa la pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana. Bungwe la anthu achialubino la APAM ndi la Standing Voice ndi ena mwa amene amagwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo pa nkhaniyi, ndipo kulumikizana nawo kumathandiza kudziwa masiku a kiliniki ndi kopezeka mafuta.

Chenjezo limodzi, ndipo ndi lalikulu. Tikudziwa nkhanza zimene abale athu achialubino akumana nazo m'dziko muno. Musaike pa Facebook kapena pamagulu chithunzi cha mwanayo choonetsa nyumba, yunifolomu ya sukulu kapena njira imene amadutsa, ndipo zimitsani mu kamera chosunga malo amene chithunzi chajambulidwira.

Mwana akukanda usiku wonse. Nditumize chithunzi cha iye yekha?

Yambani mwayang'ana banja lonse. Kuyabwa kolimba usiku, ndi tinsungu pakati pa zala, pamfundo za manja, m'khwapa, pamchombo ndi m'matako, kawirikawiri ndi mphere. Zimabwera ndi kachilombo kosaoneka ndi maso kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira. Munthu akakatenga koyamba pamatha masabata 4 mpaka 6 asanayambe kukanda, kutanthauza kuti wogona naye mphasa imodzi angakhale nako ngakhale akuoneka bwinobwino. N'chifukwa chake mphere zimafala m'sukulu zogonera komweko ndi m'malo othithikana, monga misasa imene anthu anakhalamo namondwe wa Freddy atagumula nyumba mu Malichi 2023. Si nthenda ya auve okha. WHO inaziika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017.

Mphere zimavuta kujambula chifukwa tinsungu take ndi tating'ono ndipo kukanda kumatisokoneza. Mawu oti "tonse m'nyumba muno tikukanda usiku" amamuuza dokotala zambiri kuposa zithunzi khumi. Mankhwala opezeka kwambiri ndi benzyl benzoate, wopaka thupi lonse kuyambira m'khosi kutsika, osati pamene pakuyabwa pokha. Onse a m'nyumba apake tsiku limodzi. Kwa ana aang'ono amasungunulidwa, choncho funsani kaye achipatala. Zofunda ndi zovala zichapidwe ndi madzi otentha, ziyanikidwe padzuwa ndi kusitidwa. Kuyabwa kungapitirire mpaka masabata 4 tizilombo titafa kale. Ngati zilonda zathira mafinya, kenako mwana n'kutupa nkhope kapena kukodza mkodzo wakuda, impso zakhudzidwa, mupite naye msanga.

Mafuta amene amagulitsidwa pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp ndi odalirika?

Zithunzi zija zoonetsa nkhope isanadzole ndi itadzola n'zosavuta kupanga, kusintha kuwala ndi kutsegula zosalalitsa basi. Ambiri mwa mafuta amene amati amachotsa ziphuphu, zipsera ndi kuyeretsa khungu pa sabata imodzi amakhala ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone, kapena hydroquinone, kapena mercury. Ena amasakanizidwa pakhomo n'kuthiridwa m'tibotolo topanda chizindikiro.

Steroid amanyenga chifukwa masiku oyamba kuyabwa kumasiya ndipo khungu limasalala. Pakapita miyezi limapyapyala, limang'ambika mizere, ziphuphu zimachuluka, ndipo chipere chimene chinali chaching'ono chimafalikira m'mphechepeche ndi pathupi ponse chitasintha maonekedwe, moti ngakhale katswiri amavutika kuchizindikira. Hydroquinone wodzoledwa nthawi yaitali amasiya zigamba zakuda pamasaya zovuta kuchotsa. Mercury amawononga impso ndi ubongo, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba.

Apa foni igwire ntchito ina: jambulani chubu kapena bokosi mbali zonse, makamaka polembedwa zosakaniza, muwaonetse achipatala kapena a famase yovomerezeka. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ngati mwadzola mafuta amphamvu kwa miyezi yambiri, kusiya kamodzin'kamodzi kumatha kubutsa khungu, choncho akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono.

Chithunzi changa sichingafalikire?

Chingafalikire, ndipo chikatuluka sichibwerera. WhatsApp imatseka uthenga panjira kuti wina asauwerenge, koma ukafika umakhala mu foni ya wolandirayo, imene mwina amabwereka ana, mkazi kapena mwamuna wake. Foni imabedwa, imapita kokonzetsa. Tumizani kwa munthu mmodzi amene akukuthandizani, osati pagulu. Dulani nkhope ngati vuto silili kumaso, chotsani mphete ndi mikanda, ndipo dzina lanu lisalembedwe pa chithunzi. Mukathandizidwa, fufutani zimene simukuzifunanso, ndi zosungidwa pa Google Photos zomwe.

Vuto la kumalo obisika ndi bwino kulionetsa m'chipinda cha dokotala. Maliseche a mwana asajambulidwe n'komwe, pa chifukwa chilichonse. Mupite naye.

Wachipatala akafuna kukujambulani ayenera kupempha chilolezo ndi kukuuzani kumene chithunzicho chikupita. Muli ndi ufulu wokana, ndipo kukanako sikukuchotserani chithandizo. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limaika nkhani za umoyo wa munthu m'gulu la zofunika chitetezo chapadera, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli. Palinso Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016, yokhudza milandu yochitika pa intaneti.

Ndingadziwe bwanji kuti amene akundiyankha ndi dokotala weniweni?

Mufunseni dzina lake lonse, kumene amagwira ntchito ndi nambala yake ya ku Medical Council of Malawi, kapena ya ku Nurses and Midwives Council ngati ndi namwino. Weniweni sakhumudwa ndi funso limeneli. Chenjerani ndi amene akufuna ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba asanakufunseni funso ngakhale limodzi, amene akugulitsa mankhwala akeake opanda dzina, amene akulonjeza kuchiza nthenda iliyonse, ndiponso aliyense wokuuzani kuti musiye ma ARV.

Ine foni yanga ndi ya mabatani. Ndatsalira?

Ayi. Pali Chipatala cha pa Foni, chimene chinayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba 929 mwaulere n'kulankhula ndi wachipatala. Sangaone khungu lanu, koma angakufunseni mafunso ndi kukuuzani ngati muyenera kufulumira. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu nayenso angakuoneni ndi kukulozerani koyenera.

Buku la kuchipatala lija ndi lofunikabe kuposa chipangizo chilichonse. Zipatala zambiri, makamaka kolandirira ma ARV, zili ndi makompyuta ogunda pa sikirini ndipo amamata kapepala ka barcode m'bukumo, koma musaganize kuti kompyuta ya chipatala china ikudziwa zimene zinalembedwa kwina. Ngati mankhwala ena anakutulutsani ziwengo kapena matuza, dzina lake lilembedwe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba, ndipo wachibale wa foni ya kamera ajambule masamba ofunika kuti buku likanyowa kapena kutayika mbiri isapite nalo.

Ndayamba mankhwala. Ndidziwa bwanji kuti akugwira?

Jambulani tsiku loyamba, kenako kamodzi pa sabata, pamalo omwewo, nthawi yofanana, mtunda wofanana. Khungu limachira pang'onopang'ono ndipo ambiri amasiya mankhwala abwino chifukwa chosaona kusintha.

Chipere cha pathupi chimafuna mankhwala opaka monga clotrimazole kapena Whitfield kwa masabata 2 mpaka 4. Cha kumutu kwa mwana sichimva zopaka zokha, chifukwa chimalowa m'mizu ya tsitsi. Chimafuna mapiritsi monga griseofulvin kwa masabata 6 mpaka 8, omwera pamodzi ndi chakudya cha mafuta monga phala la nsinjiro, ndipo mapiritsi amenewa samwedwa ndi woyembekezera. Ana asabwerekane chipeso, chipewa kapena lezala. Ziphuphu za kumaso zimatenga miyezi iwiri kapena itatu kuti kusintha kuoneke. Eczema, nthenda youmitsa ndi kuyabwitsa khungu, imapita n'kubwerera, ndipo imabuka kwambiri m'miyezi yozizira ndi youma ya Juni ndi Julayi, nthawi imene kudzola mafuta wamba opanda fungo mukangosamba kumathandiza kwambiri.

Pakhungu lakuda, pamene panali nthenda pamatsala banga lakuda kapena loyera kwa miyezi ingapo. Sikuti mankhwala alephera, ndipo pamenepo sipofunika mafuta oyeretsa. Pa zithunzi zanu yang'anani ngati m'mphepete mwasiya kukula, mamba achepa, ndipo zatsopano sizikutuluka. Ngati patha masabata awiri vuto likufalikirabe, kapena pabwera mafinya, ululu kapena kutentha thupi, bwererani kumene munalandira mankhwalawo mutanyamula buku, chubu chimene mukupaka ndi zithunzi zonse motsatira masiku ake.